Basi ya a Yoakum

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu a Delbert Yoakum ndiwo ankayendetsa basi ya timu ya basiketibolo ya atsikana a pakoleji ya Cedar Ford. Mu ligi yakale munali makoleji asanu ndi atatu oyandikana, ndipo Cedar Ford inali yoopedwa. Ikamasewera ndi Tarwater, ya kutsidya la mtsinje, anthu ankatseka masitolo kukaonerera.

Kenako akuluakulu a koleji anasamutsira timuyo ku ligi yaikulu yoonetsedwa pa kanema, ati dzina likamveke kutali. Matimu atsopanowo anali ku Texas ndi ku Arizona, kopita pa ndege. Ntchito ya a Yoakum inangotsala yoperekeza ana kubwalo la ndege ndi kukawatenga.

Dzina linamvekadi, koma moipa. Atsikana a kumeneko anali ataliatali, othamanga ngati mphepo. Cedar Ford inagonja kakhumi motsatizana, osewera awiri odalirika anasamukira kumakoleji ena, ndipo a nyuzi anayamba kuitchula kuti timu yopumirapo anzake.

Lamlungu lina m'mawa a Yoakum anakawatenga atagonjanso. Ali m'njira, pagalasi loonera kumbuyo anaona kaputeni, Jolene Stidham, atatsamira zenera, misozi ikutsika osaipukuta. Atafika pamphambano, anakhotera kumanzere.

"A Yoakum, mwasochera," anatero mphunzitsi wa timuyo, mayi Odegaard.

"Zaka zonsezi ndisochere lero, amayi? Ana ali ndi njala."

Anaoloka mlatho n'kukaima ku Tarwater, pa kanyumba kodyera ka mayi Verna, pomwe kale ankaima akapambana. Mayi Verna anali wosapota Tarwater wotheratu. Anatuluka akupukuta manja.

"Ndimati ndani. Anthu a ndege mwakumbukira amphawife? Jolene, dzulo mpira umakuwotcha m'manja?"

Jolene anayesa kuseka. "Munaonera?"

"Ndimaonera zonse, mwanawe. Ndikutukwaneni kuti, poti simubweranso kuno?"

Anawakhazika pansi, nabweretsa mazira, soseji ndi khofi. Atatsamira tebulo anayamba kuwauza za holo yomwe timu ya Tarwater imasewerera, kuti masiku ano mipando imakhala yopanda anthu. Chaka chino timu yawo imangopambana, koma kupambanako kulibe mchere.

"Bambo anga akuchita kugona masewero ali mkati," anatero. "Munkatipweteka mtima, koma tinkakhala ndi chokamba sabata yonse."

Kenako anamugwira Jolene paphewa. "Nawenso ukufuna kuthawa?"

"Andiitana kwina," anayankha motsitsa mawu.

Mayi Odegaard anayang'ana pansi. A Yoakum anali asanamvepo, ndipo khofi anawawira m'kamwa. Mtsikanayu anamudziwa ali wamng'ono, akubwera kuholo atakwera pamapewa a bambo ake.

"Kukhala kapena kupita, ndiwe wathu," anatero a Yoakum. "Idya, mazira akuzizira."

Pobwerera atsikana ankakangana za nyimbo yoti aike, ndipo a Yoakum anayendetsa pang'onopang'ono dala.

Chaka chimenecho Cedar Ford inapambana kanayi kokha, n'kuthera pansi penipeni. Jolene anasamukadi, ndipo a Yoakum ndiwo anamuperekeza pa galimoto yawo kukakwera ndege. Anamunyamulira chikwama mpaka pakhomo, nayima pompo kufikira atalowa, kenako anapita kukatsuka basi poti Lachisanu kunali ulendo wina.