Uthenga Wanga Unali Nambala 46

Mlongo wanga Evelesi anatuluka m'nyumba ku Area 4 m'mawa, mankhwala ake a shuga atawasiya patebulo. Mutu wake suyenda bwino masiku ano, moti ngakhale ine amandifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Ndinathamangira ku wailesi ina ku City Centre. Kale, ndisanapite kukakhala kunja kwa dziko lino, wofuna m'bale wake ankalankhula ndi muulutsi maso ndi maso. Lero mauthenga amawandandalika ndi kompyuta, ndipo umene nthawi yake ili pafupi kutha ndiwo umayamba. Pafomu anafunsa kuti uthenga umveke isanakwane nthawi yanji. Ndinalemba zoona: folo koloko, nthawi ya jakisoni wake.

Mtendere, mtsikana wolandira mauthenga, anagwira pakamwa.

"Ankolo, mwalemba folo? Kuno aliyense amalemba kuti pompano, ngakhale wotsatsa anapiye. Muli nambala 46."

Tikuyang'ana pakompyutapo chomwecho, nambala ija inasanduka 48, kenaka 51. 

"Mwanawe, lemba bodza lomwelo," ndinatero.

Anafufuta n'kulembanso. Sitinapite patsogolo, koma panalibenso wotidumpha. Ndinakhala pabenchi ndikumvera za anapiye, za msonkhano wa kwaya, za chiphaso chotayika. Dzina la Evelesi linamveka folo itatsala pang'ono.

Foni inalira ndili pamasitepe. Anali mayi wogulitsa zitenje ku Area 1.

"Bambo, agogo aja ali pano. Koma fulumirani, akutuluka thukuta ndipo sakuyankhanso."