Injini ya Wilisoni ndi Mutu wa Elenala

Mutu wa Elenala unayamba kupweteka mwezi womwe mwamuna wake, Wilisoni, anagula injini ya boti lonyamula anthu opita ku chilumba cha Chisi. Poyamba ankati ndi dzuwa la m'munda wa mpunga. Kenaka anayamba kusanza m'mawa ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, mpaka tsiku lina anagwa ngati wakhunyu akupuntha mpunga. Anthu a padoko, amene sasowa chonena, sanachedwe kulumikiza zinthu ziwirizi.

A Gerishomo, mlongo wake wamkulu wa Elenala yemwenso ndi mwinimbumba, anafika maso ali psu.

"Alamu, dzulodzuloli mumapalasa bwato, lero injini. Mlongo wanga wayamba kuiwala mayina a ana ake. Mwamukhwimira eti?"

"Injiniyo ndi thukuta langa, alamu. Tiyeni timutengere kuchipatala," anayankha Wilisoni.

Koma mkamwini sakweza mawu pamudzi pa eni. A Gerishomo anatengera mlongo wawo kwa sing'anga, kumene anamutema mphini m'mutu monse. Dzinja lonse linatha akumwa zowawa, ndipo diso lakumanzere linayamba kuchita chidima.

Elenala atagwanso kachiwiri, Wilisoni analimba mtima. Anamutengera kuchipatala ku Zomba, komwe anawatumiza ku Blantyre. A Gerishomo anatsatira, osati kukadwazika, koma kukalonda mlamu wawo.

Makina ojambula m'mutu anaonetsa chotupa mu ubongo. Madokotala anayang'ana khungu lonse la Elenala, kunsi kwa mapazi, m'zikhadabo ndi m'maso momwe. Kenaka anati pakufunika opaleshoni.

"Wodwala mutu mukumuyang'ana kuphazi?" anakalipa a Gerishomo. "Mwapangana ndi mlamu wangayu kuti mutape ubongo. Ine mwinimbumba ndakana!"

Namwino wina, mayi Jamila, anawakhazika pabenchi pafupi ndi bedi la Elenala.

"Bambo, kukayika si mlandu, koma funsani. Adokotala akuganizira khansa yotchedwa melanoma. Kawirikawiri imayambira pakhungu, kwa ife anthu akuda makamaka kunsi kwa phazi kapena m'chikhadabo, kenaka n'kufalikira kwina. N'chifukwa chake anafufuza thupi lonse, koma sanapeze kanthu. Chithunzi chimangoonetsa kuti chotupa chilipo, sichinena mtundu wake. Tiyenera kuchichotsa n'kukachipima."

"Nanga injini ija?"

"Injini ilibe njira yolowera m'mutu mwa munthu, bambo."

Elenala, amene onse ankayesa kuti wagona, anadzutsa mutu. "Achimwene, ndakumverani dzinja lonse. Mbumba ndi yanu, koma mutu ukupwetekawu ndi wanga. Ndavomera opaleshoni."

Opaleshoni inayenda bwino. Koma a Gerishomo atamva kuti chotupacho chinali chakuda bii ngati khala, anadumpha. "Si izi! Matenda a Mulungu amada chonchi?"

Mayi Jamila anawagwira mkono. "Nanga khungu lanuli, anakulodzani ndani kuti lide? Chimene chimadetsa khungu chimapezekanso pang'ono m'kachikopa kokuta ubongo. Mwa apo ndi apo khansa imayambira momwemo. Ndi zosowa kwambiri, koma zimachitika."

Zotsatira zitabwera, zinatsimikiza kuti inali melanoma yoyambira mu ubongo. Dokotala sanabise: khansayi ndi yaukali, imatha kubwereranso, ndipo Elenala ayenera kumabwera kudzalandira chithandizo ndi kupimidwa. Mutu unaleka kupweteka, mayina a ana anabwerera. Koma diso lakumanzere linali litaferatu, chifukwa chotupa chinapanikiza mtsempha wake nthawi yaitali.

Maulendo a ku Blantyre anali ambiri, ndipo imene inkawalipirira ndi injini yomwe ija. A Gerishomo zinawachititsa manyazi kwambiri. Tsiku lina anabwera ndi nkhuku kudzapepesa. Anapeza Elenala akupeta mpunga pakhonde, n'kukhala kumanzere kwake. Anayamba kulankhula, koma Elenala anawadula mofatsa.

"Sunthirani mbali iyi, achimwene, kuti ndikuoneni. Diso la uko linatsala kwa sing'anga."

Phunziro: Mutu wosaleka kupweteka, kusanza, kugwa ngati wakhunyu ndi kuona ziwiriziwiri ndi zizindikiro zofunika chipatala msanga. Ngati simukumvetsa zimene achipatala akuchita, funsani. Pamene abale akusaka mfiti, matenda sadikira.