Tsiku Limene a Nsidze Anatseka Gasi

Pa fakitale ya matailosi ija panalibe amene ankawaitana ndi dzina la pa chiphaso. Kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana wamkulu, onse ankangoti a Nsidze, chifukwa nsidzezo analibe. Moto unawameta kalekale ndipo sizinamerenso. Iwo sankakwiya nalo dzinalo. Ankangoti nkhope yawo sichedwetsa posamba.

Ntchito yawo inali yoyang'anira ng'anjo yowotchera matailosi, chinyumba cha njerwa ndi zitsulo chotalika ngati basi. M'mbali mwake munali mipope khumi ndi iwiri yolavula moto wa gasi, imene anthu a pantchitopo ankangoitcha mfuti. Mfuti iliyonse inali ndi chogwirira chake, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi a Nsidze ankayenda uku ndi uku, kupotokola pang'ono apa, kubweza pang'ono apo, kusuzumira pa kabowo kuti aone lawi. Likachita chikasu ankadziwa kuti mpweya wachepa. Likayamba kuimba mluzu ndiye kuti wachuluka.

Kutatsala miyezi itatu kuti apume pantchito, mabwana analengeza kuti ng'anjoyo iikidwa makina atsopano, chifukwa gasi ankatha wambiri pomwe matailosi ena ankatuluka osapsa. Lolemba lotsatira kunabwera injiniya, mtsikana wamtali wovala ovolosi ndi chipewa cholimba. Polowa pa khomo la shedi anawerama pang'ono ngakhale khomolo linali lalitali, ndipo a Nsidze anamuyang'anitsitsa. Munthu mmodzi yekha ndiye ankalowa choncho pa khomo limenelo.

"Ankolo, mwandiiwala?" anatero mtsikanayo akuvula chipewa.

"Iwe! Mwana wa Mlongoti!"

Mlongoti anali mnzawo wa pamtima. Anagwira limodzi pa ng'anjo yomweyi zaka khumi ndi zisanu, mpaka pamene matenda a chifuwa anamutenga, mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. A Nsidze anamuona komaliza pamaliro, atavala diresi yaikulu yobwereka.

"Ndiye wabwera kudzandichotsa ntchito, a injiniya?"

"Ayi ankolo, ndabwera kudzapumitsa miyendo yanu."

Kwa masabata awiri amisiri anachotsa zogwirira zonse n'kuikapo mavavu otseka ndi kutsegula okha, ndi mawaya opita ku kompyuta. Mtsikanayo anawafotokozera mofatsa. Anati pakali pano mfuti zonse zimayaka nthawi imodzi, ndipo pofuna kuchepetsa kutentha zimafooketsedwa zonse. Lawi lofooka silikankha mpweya wotentha, ndiye umangokwera kudenga, pansi n'kumazizira. Ndi makina atsopanowa mfuti iziyaka ndi mphamvu zake zonse kwa masekondi ochepa, kenako izizima, inzake n'kulandira. Kutentha kukafunika kochuluka ziziyaka nthawi yaitali, kukakwana zizipuma nthawi yaitali.

"Kuuzimitsa dala moto, gasi ali m'paipi?" anafunsa a Nsidze.

"Vavu imayamba yatseka gasiyo, ankolo. Ndipo pa mfuti iliyonse pali kadiso koona ngati lawi lilipo."

A Nsidze anagwedeza mutu ngati amva. Kunyumba anauza akazi awo kuti mwana wa Mlongoti waphunzira kwambiri mpaka waiwala kuopa moto.

Tsiku loyesa makinawo linafika. M'mawa analowetsa ngolo zisanu ndi imodzi za matailosi n'kutseka chitseko. Kapitawo, amisiri ndi injiniya anaunjikana pa kompyuta. A Nsidze anaima pamalo pawo pa masiku onse, pambali pa ng'anjo, manja akusowa chochita. Ng'anjo imene ankaidziwa inkalira ndi mawu amodzi osalekeza, oti munthu ukafika kunyumba umawamvabe m'mutu. Iyi inkangoti bu! apa, bu! apo, ngati anthu akuyankhana tsidya ndi tsidya.

Cha m'ma leveni koloko kutentha kunafika pamene pankafunika, ndipo mfuti zinayamba kupuma nthawi yaitali. Kenako, kwa kamphindi, mbali yonse imene anaima a Nsidze inangoti zii.

Sanaganize chilichonse. Miyendo inathamanga yokha, dzanja linagwira chogwirira chofiira cha paipi yaikulu n'kuchikokera pansi. Belu linalira, magetsi ofiira anayaka, ng'anjo yonse inazima.

"Mwatani madala?" anakuwa kapitawo. "Ndani wakutumani?"

A Nsidze anachotsa dzanja lawo pa chitsulocho. Ng'anjo ya gasi ikazima choncho siyatsidwa pompo, amayamba aupopa mpweya wonse wa m'katimo, ndipo pofika nthawi imeneyo matailosi a m'ngolo ziwiri zakutsogolo anali atang'aluka. M'zaka zonsezo anali asanawonongepo katundu wochuluka chotero, ndiye zinachitika pamaso pa anthu onse, komanso pamaso pa mwana wa mnzawo.

Nthawi ya nkhomaliro sanapite kukantini. Anakakhala kuseri kwa shedi, pa mulu wa mathabwa. Mtsikana uja anawapeza komweko atanyamula makapu awiri a tiyi.

"Kapitawo ndalankhula naye," anatero. "Ndamuuza kuti vuto ndi langa. Ndinayenera kukuchenjezani kuti pena zizikhala chete mbali yonse."

"Usandiikire kumbuyo, mwana wanga. Unandiuza bwinobwino. Mutu unamva, koma thupili lili ndi nzeru zakezake."

Anamwa tiyi pang'ono, kenako anayamba kumuuza. Tsiku lina, iye asanabadwe, mfuti za mbali imodzi zinazima zokha chifukwa cha mphepo m'paipi, koma gasi anapitiriza kulowa. Panangoti zii, chimodzimodzi ngati lero. Iwo ndi Mlongoti anayang'anana, ndipo asanafike pa chogwirira chofiira chitseko cha ng'anjo chinaphulika. Iwo anataya nsidze. Mlongoti, amene anawakankhira pansi, anapsa mkono wonse wamanja.

"Chipsera chija?" anafunsa mtsikanayo. "Ankandiuza kuti anamenyana ndi chinjoka cholavula moto."

"Bodza analinso nalo bambo ako," anatero a Nsidze, ndipo onse anaseka.

Atayamba kukamba za Mlongoti, pakamwa panakana kutseka. Anamuuza mmene ankaumitsira masokosi pa paipi ya utsi nthawi ya mvula, mmene ankawotchera buledi pa fosholo, ndi mmene Mlongoti ankaimbira nyimbo za kutchalitchi molakwitsa mawu dala kuti akwiyitse kapitawo wakale, amene anali mkulu wa mpingo. Anamuuzanso za ngodya ina ya m'ng'anjomo, pansi kumanzere pafupi ndi chitseko, imene sinkatentha ngakhale utatani. Matailosi a pamenepo ankatuluka otuwa, ukawagogoda n'kumalira ngati thabwa lonyowa.

"Tinkapatchula kuti kwa apongozi, chifukwa ngakhale upite ndi nkhope yotani, amakulandira mozizira."

"Pa mapepala anga palembedwa kuti gawo lachinayi."

"Ndi kwa apongozi pamenepo. Bambo ako yekha ndiye ankatha kuwasekeretsa. Kapitawo akangochoka, iye ankatseka mfuti yachiwiri, n'kutsegula yachisanu ndi chitatu ya tsidya linalo mpaka kumapeto. Ankawerenga mpaka khumi, kenako n'kuthamanga kukasinthanitsa. Ine kuno, iye uko, tikukuwirana manambala, thukuta kamukamu. Ankati moto wogona sufika pangodya, umafunika kuukankha. Matailosi ankatuluka okupsa onse. Atatigwira, iye analandira kalata yomuchenjeza kuti asiye kuseweretsa zipangizo za kampani."

A Nsidze anayang'ana mtsikanayo, ndipo iye anali atawayang'anitsitsa, kapu ili m'malere.

"Ankolo, mwamva zimene mwanenazi?"

"Ndazimva pamene ndimazinena," anayankha pang'onopang'ono. "Ndiye chimakina chakochi chikuchita zimene ankachita Mlongoti?"

"Zomwezo. Kungoti icho sichituluka thukuta."

Mtsikanayo anaseka, koma misozi inali ikutsika. Anati anaphunzira zimenezi zaka zinayi, analemba mayeso, anawerenga mabuku a anthu akutali, osadziwa kuti bambo ake anapatsidwa kalata chifukwa cha nzeru yomweyo. Za iwo ankangokumbukira chipsera, fungo la utsi m'malaya, ndi kuti ankamunyamula paphewa mpaka kugunda denga.

Lachinayi anayesanso. Ulendo uno mtsikanayo anakana kuti a Nsidze aime okha. Anawaikira mpando pambali pake, nawaonetsa pa kompyuta timabokosi khumi ndi tiwiri, tofiira mfuti ikayaka, totuwa ikazima. Pamene bata lija linabweranso, a Nsidze anakanikiza manja pakati pa mawondo. Mtsikanayo anawerenga mokweza: "Wani, thu, fili, folo," ndipo bu! mfuti inayaka. Kachitatu anawerenga okha. Pofika masana anali akutchula nambala ya mfuti imene yayaka atatsinzina, amisiri n'kumaombera m'manja akalondola.

Gawo lachinayi linkatsalirabe m'mbuyo pang'ono. Mtsikanayo anafunsa kuti bambo ake ankayambira iti. A Nsidze anatchula ndondomeko yonse osaphonya, ngati kuti anaisiya dzulo, ndipo iye anailemba mu kompyuta. Patapita mphindi makumi awiri nambala ya pangodyapo inayamba kukwera mpaka inatsala pang'ono kufanana ndi zinzake.

Loweruka m'mawa, ng'anjo itazizira, anatulutsa ngolo. A Nsidze anatenga tailosi la pansi kumanzere, naligogoda ndi kiyi. Linalira ngee, ngati mbale yadothi yatsopano. Analitembenuza, naligogodanso, kenako analipereka kwa kapitawo. Anasangalala. Komabe anaganiza za makilomita onse amene miyendo yawo inayenda m'mbali mwa ng'anjoyi, ndi kuti achinyamata odzabwera pambuyo sadzadziwa n'komwe kuti lawi limaimba mluzu.

A Nsidze akuvula ovolosi, mtsikana uja anaima pakhomo la chipinda chosinthira.

"Mawa ndikubwera kudzakutengani ndi galimoto, inu ndi anti. Amayi akufuna kukuonani."

Chichitikire maliro aja, a Nsidze sanapondeko ku nyumba ya Mlongoti. Poyamba ankaopa kuona mpando wake uli wopanda munthu, kenako zaka zinachuluka, manyazi n'kukula kuposa chisoni.

"Ndikanena chiyani kumeneko, mwana wanga?"

"Zomwe munandiuza ine. Za kalata ija ngakhale iwo sakuzidziwa."

Lamulungu masana galimoto inaima pa kanyumba ka mpanda wa maluwa. A Nsidze anatsika atavala jekete la ukwati, limene linali litayamba kuwathina, akazi awo akuwakankha pamsana kuti ayende. Pakhonde panaima mayi wa imvi, manja m'chiuno. Anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Alamu, mpaka mwana achite kukunyamulani?"

"Ndalakwa, alamu."

"Mwalakwadi. Lowani, madzi a tiyi awira kawiri."

Anakhala mpaka dzuwa litapendeka, ndipo a Nsidze ndi amene analankhula kwambiri.