Benchi la Pachipata cha Mzinda

Kunyumba ankangomutchula kuti Mlembi, dzina limene bambo ake anamupatsa ali mwana chifukwa cholembalemba m'makoma ndi makala. Tsopano anali atamaliza buku lake loyamba, nthano yaitali ya mfiti imene inalanda mzinda n'kusandutsa anthu kukhala ziwiya.

Analilembera patebulo lodyera, masana, bambo ake atakhala pampando wawo pafupi ndi zenera. Chiwagwireni sitiroko, bambowo sankalankhulanso, ndipo dzanja lawo lamanja linali lakufa. Akamaliza mutu umodzi, Mlembi ankawapukuta kumaso, kuwakonzera pilo kumsana, kenako n'kuwawerengera mokweza. Sankadziwa kuti akumva zochuluka bwanji. Ankangowerenga, monga mmene ankapempherera m'mawa uliwonse, osafunsa ngati yankho lanyamuka.

M'bukumo munali benchi. Poyamba linali munthu, nkhalamba yoyatsa nyali za pachipata cha mzinda, yoyamba kulodzedwa ndi mfiti ija. Silinkayenda, silinkalankhula. Koma munthu wotopa akakhalapo, matabwa ake ankafunda ngati msana wa mayi wobereka mwana. Mtsikana amene nkhaniyo inkamutsatira, mwana wa wosula zitsulo, anakhalapo kamodzi popita kunkhondo, basi.

Tsiku lina mkonzi wa kwa osindikiza mabuku, mayi wokonda nthabwala, anaimba foni. Anati bukulo n'labwino koma lanenepa kwambiri, ndipo liyenera kuonda lisanapite kumakina.

"Nanga benchi lanu lija, mayi Mlembi, ntchito yake n'chiyani?" anafunsa mkonziyo. "Silimenya, silithawa, silikwatira. Mfiti itafa aliyense wabwerera umunthu, ngakhale ketulo uja wasandukanso mphunzitsi, koma ilo mwalisiya pamtetete. Mulimasule, apo ayi mulichotse."

Mlembi anayankha kuti aganizira. Sanamuuze kuti anayesapo kambirimbiri kulemba nkhalamba ija ikudzuka, ikudziwongola, ikupereka moni, koma nthawi zonse akatukula maso n'kuona mpando wa pazenera uja, cholembera chinkakana.

Choncho analichotsa. Sinali ntchito yovuta, chifukwa masamba a benchilo anali ochepa. Mawa lake anawawerengera bambo ake mutu wokonzedwawo. Mtsikana uja anafika pachipata, anadutsa, naloza njira ya kumapiri. Pamenepo dzanja lamanzere la bambo linagogoda pamkono wa mpando. Maso awo anali pa iye, akudikira.

"Palibe, bambo," anatero Mlembi chapansipansi. "Wangodutsa."

Dzanja linagogodanso. Mlembi sanapitirize. Anakhala pansi pambali pa mpandowo, natsamiritsa mutu pabondo lawo. Kunja kunkatentha. Katani ankafufuma n'kuphwa ngati chifuwa cha munthu wogona, ndipo kutali wina ankasesa, tsache likumveka pang'onopang'ono mpaka linasanduka phokoso la mapazi a anthu ambiri.

Anapezeka akuyenda m'misewu ya mzinda wa m'buku lake. Makoma ankanunkhira pepala, ndipo timakwalala timene sanatilembe tinkangothera mu nkhungu yoyera. Pachipata panalibe kanthu, koma timaenje tinayi m'fumbi pamene panali miyendo ya benchi. Mayi wosenza mtolo anafika, anaima pamalopo, anayang'ana uku ndi uku, napitirira osatula. Wina wotsimphina anachitanso chimodzimodzi.

Kenako anatulukira mtsikana uja akuchokera kunkhondo, lupanga akulikoka pansi. M'kati mwa mzinda anthu ankaimba nyimbo zomutamanda, koma iye sanalowe. Anaima pa timaenje tija n'kumuyang'ana Mlembi ngati anadziwana kalekale.

"Agogo aja mwawaika kuti? Ndimafuna ndiwauze mmene ndayendera."

Mlembi anati agogowo sangathe kumuyankha.

"Ndani wanena kuti ndikufuna yankho?" anatero mtsikanayo. "Ndikufuna pokhala."

Anawerama n'kugwira fumbi la pamalopo. Mlembi naye anagwira, napeza kuti likadali lofunda. Kufundako kunakwera m'dzanja mpaka kumutu, ndipo anatsegula maso. Dzuwa linali litasuntha pakhoma. Dzanja lamanzere la bambo ake linali pamutu pake, lolemera, lofunda, ndipo sanadziwe kuti lakhalapo nthawi yaitali bwanji. Sanasunthe msanga. Anayamba wanena pemphero lalifupi, la mawu amodzi okha othokoza.

Atadzuka anabwezeretsa benchi pachipata. Kuti malo apezeke, anadula mutu wa nkhondo ya pamlatho, umene ankaunyadira kuposa yonse. Analembanso mathero. Tsenga loyamba lija linali litalowerera m'matabwa a benchilo, moti imfa ya mfiti sinalisungunule. Mtsikana anabwera, anayatsa yekha nyali za pachipata, anakhala pabenchi, nayamba kufotokoza ulendo wonse kuyambira pachiyambi.

Mkonzi ataziona anaimbanso foni akuseka. Anati chiyambireni ntchitoyi sanaonepo munthu wodula nkhondo n'kusiya mpando, ndipo okonda malupanga amutukwana.

"Ndiye woyatsa nyali uja mwamumasula kapena ayi? Ine sindikuona."

"Ayi," anatero Mlembi. "Koma wina wakhala naye."

Kwa kanthawi pafoni pankangomveka mapepala akutembenuzidwa. Kenako mkonzi anati zikhale choncho, koma asadzabwere akulira pofuna mlatho wake.

Masana amenewo Mlembi anawapukuta bambo ake kumaso, anawakonzera pilo, nayamba kuwerenga mutu womaliza. Atafika pamene mtsikana akukhala pabenchi, dzanja lija linagona phee pamkono wa mpando. Posakhalitsa bambo anayamba kusinza, mutu utapendekera kuzenera. Mlembi anatsitsa mawu pang'ono, nawerengabe mpaka kumapeto.