Pampu ya Nsomba za Fabiano

"Zimitsani chigayo chanucho, alamu, mutu ukundiwawa," anatero Ndaziona ataima pakhomo la pabalaza.

Maurice anali atagwada patsogolo pa thanki yagalasi ya malemu mkulu wake, mutu uli m'kabati ya pansi pake. Anautulutsa pang'onopang'ono.

"Ndikazimitsa, nsombazi sizifika madzulo. Izi si chambo, alamu. Ndi za m'nyanja yamchere, zimafuna madzi oyenda nthawi zonse."

Panali patangopita masiku ochepa chimuikireni Fabiano m'manda. Tenti inali itachotsedwa, mipando yobwereka itabwezedwa kutchalitchi, ndipo m'nyumba ya ku Namiwawa munatsala phokoso limodzi lokha: pampu yakale yokweza madzi kuchokera m'kathanki kosefera ka pansi kupita m'thanki yaikulu. Inkalira ngati minibasi yodzaza ikamakwera chitunda. Pamaliro inkapikisana ndi amayi akwaya, koma tsopano inali itayamba kutsamwa, kuima, n'kudzidzimukanso.

Nkhani ya thankiyo inali itatha kale pamsonkhano wa banja. Ndaziona, mkazi wa malemuyo, ananena pamaso pa onse kuti sangathe kusamala zinthu zimene sakuzidziwa. Maurice sanadikire kupemphedwa. Anati aitenga akaiike pa loji yake ku Chigumula, alendo azidya akuona nyanja. Galimoto inali yoti ibwere Loweruka. Chotsala chinali chakuti nsombazo zifike Lowerukalo zili zamoyo.

Ndipo ndani akanadziwa za pampu kuposa Maurice? Munthu amene adayamba ndi kugulitsa matayala akale ku Limbe, lero pasipoti yake yonenepa ngati buku la nyimbo. Adaona nsomba zikusambira pamwamba pa mitu ya anthu ku Dubai. Adadya nkhanu ku Dar es Salaam ndi anthu a masitima.

Stacy, mwana wamkulu wa Fabiano, analowa atanyamula katoni ndi mtolo wa mapaipi oyera.

"Bambo aang'ono, adadi anasiya izi m'galaja. Ankati aika akapezako bwino."

Maurice anatsegula katoniyo n'kutulutsa kapampu kakuda kokwanira m'manja awiri. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kuseka.

"Kanthu aka? Ine ndinawauza achimwene kuti ndiwabweretsera pampu yeniyeni kuchokera ku Guangzhou, yokweza madzi mpaka padenga. Anakana. Munthu uja kuuma mutu."

"Sankafuna yamphamvu," anatero Stacy. "Anabwera nazo zitatu. Iliyonse ankaiika m'ndowa pano, n'kuiyatsa, n'kupita kuchipinda kukatseka chitseko, kumvetsera. Ziwiri anabweza."

"Liti zimenezo?" anafunsa Ndaziona.

"Inu mukapita kuntchito."

Ndaziona anakhala pampando wapafupi n'kutambasula mwendo wake wa bondo lotupa.

Maurice anazimitsa pampu yakale. Bata limene linagwa m'nyumbamo linamudabwitsa iye yemwe. Nsomba ziwiri zofiirira za mizere yoyera zinaima pakati pa madzi ngati zikufunsa. Fungo la mchere linatuluka m'kabati, ndipo linamutengera kutali, ku kanyumba ka njanji ku Limbe. Bambo awo, amene adachokera ku Quelimane, ankati akaweruka n'kuthira mchere m'beseni, kuviikamo mapazi, n'kumawauza anyamata awiriwo kuti kwawo madzi onse ndi otero, kuchokera pa mapazi mpaka kumene thambo lathera. Bambowo sanabwerereko. Amene anapita ndi iwo awiri, pamwamba pa matumba a lole yopita ku Beira. Fabiano atafika pagombe anagwada, n'kulawa madzi, n'kunena kuti, "Mkulu uja sankanama."

"Tsiku limenelo ine ndinasambira mpaka asodzi anandiimbira m'manja," anatero Maurice, atawafotokozera nkhaniyo.

"Chaka chatha munati anali asilikali," anatero Ndaziona.

"Analipo onse, alamu."

Stacy anaseka, koyamba chichitikireni maliro.

Ntchito inayenda mosavuta kuposa mmene Maurice ankafunira. Ankayembekezera kuyeza, kudula, kulamula. Koma Fabiano anali atadula kale paipi iliyonse, zigongono zokhotetsera mapaipiwo atamata ndi guluu. M'katoni munali kampira koyala pansi pa pampu kuti isanjenjemeretse galasi. Munalinso kapaipi kofewa kolumikiza pampu ku paipi yolimba, kuti kunjenjemera kuthere pomwepo. Paipi yotsitsa madzi anaitalikitsa kuti mlomo wake uzimira m'kathanki, madzi asamagwe ngati pamathithi.

"Izi ndi nzeru zanga," anatero Maurice. "Ndinawauzapo ndithu."

Atafika pa paipi yomaliza, anaima. Inali yaitali mosayenera. M'malo mothera m'kabati, inkatulukira kumbali, n'kukwera mpaka m'chiuno mwa munthu, ndipo kampopi kotsegulira madzi kanali pamenepo, chogwirira chake chitaloza kumanzere.

"Apa pokha achimwene anaphonya. Kulikonse kumene ndayenda, kampopi kamakhala mkati, pafupi ndi pampu. Aka kali panja, komanso kagadama. Ku loji alendo angamakaseweretse." Anayesa kukagwira ndi dzanja lamanja, chigongono chikugunda khoma. "Taonani. Stacy, tandipatsa sowo ndidule."

"Musadule."

Anali Ndaziona. Anadzuka movutikira, n'kufika pambali pa thanki. Sanawerame, sanagwade. Anangotambasula dzanja lake lamanzere, limene amalembera ndi kudyera, ndipo chogwiriracho chinalowa m'chikhato mwake ngati chinamuyezedwa.



"Ndinkamuuza kuti sindingagwade m'kabatimo ndi bondo ili," anatero motsitsa mawu. "Iye n'kumangoti wamva."

Maurice anayang'ana paipiyo, n'kuyang'ana mlamu wake. Anaganiza za khoma la ku loji limene anali atalipaka kale utoto wabuluu. Anawerama, n'kumangitsa cholumikizira chomaliza, n'kulowetsa pulagi.

"Tsegulani, alamu. Pang'onopang'ono."

Ndaziona anapotoza. Palibe chinamveka. Maurice anafika poyandikiza khutu ku kabati, poganiza kuti magetsi azima. Kenako pamwamba pa madzi panayamba kugwedezeka, ndipo nsomba zija zinatembenukira kumene madzi ankachokera.

"Yayaka?" anafunsa Ndaziona.

"Yayaka."

Maurice anapukuta manja pa thalauza lake la ku Istanbul.

"Galimoto ija ndiiuza isabwere. Msewu wa ku Chigumula ndi woipa, galasi lingasweke. Mchere ndizikubweretserani ndekha kuchokera ku Durban, wabwino kuposa wa anthu onse mu Blantyre muno."

"Sindidziwa n'zimene zimadya, alamu."

"Stacy akudziwa. Zina ndikuphunzitsani ine."

Ndaziona anakokera mpando wake pafupi ndi thanki n'kukhala, dzanja lamanzere lili pa kampopi, akumva madzi akudutsa mwakachetechete pansi pa zala zake.