Thanki Yopanda Dzimbiri

Patatha milungu isanu ndi umodzi chimwalirire cha a Rafaeli, mkazi wawo Esnat anakwera minibasi ya ku Limbe kukagula kompresa ina, makina opopera mpweya.

Yakale ija ndi imene inapha amuna ake. A Rafaeli anaipanga okha kalekale: thanki anaichotsa pa lole yakufa, mota anaigula kwa munthu wina, n'kuzilumikiza ndi lamba. Inkakhala m'kashedi ka malata pambali pa nyumba yawo, m'mphepete mwa msewu wa ku Mauwa, ku Chiradzulu. A kabaza ankabwera kudzapopetsa matayala, ena kudzapoperetsa penti njinga ndi mafelemu a zitseko. Lachiwiri lina m'mawa, Esnat akuchapa kuseri, thanki inaphulika. Inali itadyeka ndi dzimbiri kunsi, kumene munthu sakanaona popanda kuigubuduza. A Rafaeli anali atawerama pomwepo. Anafika nawo kuchipatala atatsirizika kale.

Pamaliro Esnat sanalire kwenikweni. Amayi a mpingo anaimba, anamugwira m'mapewa, iye akungoyang'ana pansi. Anthu ankati misozi ibwera nthawi yake ikakwana. Iye ankadzuka, kusesa, kuphika, kudya, osamva njala kapena kukhuta.

Amene anamuperekeza ku Limbe anali alamu ake a Chester, akulu awo a malemu. Poyamba iwo sankafuna n'komwe kumva za kompresa. Anati agulitse masipanala, agwetse kashediko, ayambe geni ya tomato ngati azimayi anzake. Esnat anayankha kuti tomato sakumudziwa, koma matayala wakhala akumata limodzi ndi amuna ake zaka khumi ndi zitatu. Sanakweze mawu ndipo sanabwereze. A Chester ataona kuti munthuyu apita ndithu, anati kuli bwino apite naye, ochenjera a m'tauni angamupusitse. Ndalama inali ya nandolo ndi mbuzi ziwiri, yosakwanira chinthu chachikulu.

M'sitolo yoyamba anawaonetsa timakina tating'ono tonyamula ndi dzanja limodzi, tolumikiza ku batire ya galimoto. Mtsikana wogulitsa anati ndi totchipa ndipo anthu akutigula kwambiri. Esnat anakanyamula kamodzi, kopepuka ngati wailesi, n'kufunsa ngati kangapope matayala makumi awiri pa tsiku. Mtsikanayo anavomera kuti kamatentha kakapopa awiri atatu, ndipo penti sikangathe. Anatuluka.

Kuseri kwa msika anapeza bambo wina akugulitsa zitsulo zakale. Anali ndi kompresa yaikulu, thanki yake yotalika ngati benchi ya kutchalitchi, yopakidwa penti yofiira imene inali kununkhabe. Mtengo wake unali wotsika modabwitsa. A Chester nkhope inawala. Anaizungulira, anaigogoda pamwamba, n'kunena kuti ndi iyi munthu angapope ngakhale matayala a lole.

Esnat anagwada pafumbi. Anapempha kuti aipendeketse, n'kupisa dzanja kunsi kufunafuna kabawuti kotulutsira madzi. Kanali kouma, koma atalimbana nako ndi pulayala ya mwini wake kanatseguka. Munatuluka madzi ofiirira, olemera ngati phala la mawere, ndi tizidutswa ta chitsulo. Anatola kachidutswa kamodzi, n'kukafinya ndi zala, kanayoyoka. Mwini wake anayamba kufotokoza kuti zonse zimatero, ingofunika kutsuka. Esnat anayembekezera kuti mtima ugunda kapena manja anjenjemera. Palibe chinachitika. Anapukuta zala pachitenje.

"Tiyeni, alamu," anatero.



Sitolo yachitatu inali yopapatiza, yodzaza mapayipi ndi mawaya. Mwini wake, a Junaid, anali bambo wachikulire wa kachipewa koyera, ndipo atamva kalankhulidwe kawo anati nawonso kwawo ndi ku Chiradzulu konko, cha ku Likoswe. Sanathamangire kutchula mitengo. Anayamba afunsa kuti ntchito yake ndi yotani, magetsi alipo, nanga pa tsiku pamabwera anthu angati.

Kenako anakoka makompresa awiri atsopano. Ya malita fifite, anatero, ndi yabwino pa penti chifukwa mpweya suthera panjira, koma ndalama imene Esnat anatchula siingafikepo. Ya malita twente-folo ikwanira matayala a njinga zamoto ndi zakapalasa tsiku lonse. Penti ipopera ndithu, koma pang'onopang'ono, munthu n'kumaima kudikira kuti thanki idzaze. Anati asankhe yothira oyilo, chifukwa imakhalitsa ndipo ikawonongeka amisiri amaidziwa. Zosathira oyilo n'zosavuta kusamala, koma zotchipa zake sizichedwa kutopa.

Esnat anamvetsera zonse. Kenako anafunsa chimene chimachitika mpweya ukachuluka m'thankimo.

A Junaid anamuonetsa kabokosi kakuda kamene kamazimitsa mota kokha singano ya geji, kawotchi koonetsa kuchuluka kwa mpweya, ikafika pa mzere wake. Anamuonetsanso kavalavu kamkuwa kokhala ndi kamphete, kamene kamatsegula kokha ngati kabokosi kaja kalephera. Esnat anapempha kuti ailize aone. Mota inalira, singano ya geji inakwera, n'kufika pamene motayo inazima yokha. A Junaid anakoka kamphete kaja.

Mpweya unatuluka ndi mkokomo wakuthwa. A Chester anadumpha, n'kukagunda chitseko ndi phewa, manja ali kumutu. Esnat anali chiimire pomwepo, maso pa geji, kuonerera singano ikutsika.

A Junaid anayang'ana wina, n'kuyang'ana mnzake. A Chester, akupumira m'mwamba, anawafotokozera mwachidule za mng'ono wawo.  A Junaid anati nkhaniyo anaimva kwa abale awo akumudzi, koma sanadziwe kuti ndi ya pakhomo pa mayi amenewa. Anagwada movutikira, n'kumuonetsa Esnat kotulutsira madzi.

"Mayi, apa muzitsegula tsiku lililonse mukaweruka. Musadumphitse."

"Ndikudziwa," Esnat anayankha. "Iwonso ankadziwa. Ankangoti mawa."

Anagula ya twente-folo. A Junaid anawonjezerapo payipi ndi kabotolo ka oyilo osalipiritsa, ndipo Esnat anathokoza monga mmene munthu amathokozera akapatsidwa chenji. M'minibasi anaiika pakati pa miyendo yake, chogwirira chikumugunda m'mawondo msewu wonse. A Chester anakhala mpando wakutsogolo, kutali nayo.

Atafika kunyumba anapeza magetsi atazima, ndipo anayaka mawa lake masana. Esnat anathira oyilo mpaka pa kadontho kofiira ka pa kagalasi koonera oyilo, analumikiza payipi, n'kuiliza. Azimayi amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anapatukira tsidya lina la msewu. Tsiku limenelo sipanabwere munthu. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Iye ankatsegula kashediko m'mawa, kukhala pa tayala lakale, kutseka dzuwa likapendeka.

Tsiku lachitatu kunabwera a Kelvin, bambo wa kabaza amene anali kasitomala wa a Rafaeli kwa zaka zambiri. Anabwera akukankha njinga yamoto, tayala lakumbuyo litaphwa, thukuta lili kamukamu. Anaiimika pakhomo pa shedi, iwo n'kubwerera m'mbuyo mpaka pansi pa mtengo wa mango. Esnat anachotsa chubu, anapeza minga, anamata. Mota itayamba kulira, a Kelvin anasunthanso pang'ono.

Itazima anayandikira, n'kufunsa motsitsa mawu ngati iye sachita nayo mantha.

Esnat anaganizira funsolo moona mtima, payipi ili m'manja.

"Kaya, achimwene. Sindikudziwa," anatero. "Tagwirani gudumuli lisagwedere."

A Kelvin anazengereza, kenako anagwada n'kuligwira ndi manja awiri. Tayala linadzuka pang'onopang'ono mpaka kulimba. Iwo analidina ndi chala, n'kunena kuti awauza anzawo kusiteji kuti pano patsegulidwanso. Atapita, Esnat anakulunga payipi, n'kukhalanso pansi kuyang'ana kumsewu.