Chuku cha Sjoerd

Sjoerd asanaole n'komwe m'manda, Bwana Terpstra anali atamubera kale chuku chake. Chukucho Sjoerd anachitola pa thabwa lowola m'mbali mwa ngalande, nachilera m'timbale tagalasi mpaka chinayamba kudya pulasitiki. Kampani ina itachifuna, Terpstra, mkulu wa labotale, anachitcha dzina lake iyeyo. Munthu wosadziwa ngakhale fungo lake.

Wietske, mkazi wa malemuyo, ankagwira ntchito pomwepo, m'chipinda chapansi, koweta chuku chofiira. Chofiirachi n'chankhanza. Fumbi lake likagwera m'mbale ya chinzake, chimamera msangamsanga n'kuchipha. Lamulo linali lakuti wagwira chofiira sakwera m'mwamba tsiku limenelo. M'mwambamo ndi mmene munali cha Sjoerd, chonse, poti mufiriji chinkafa. Kwina kulikonse kunalibe.

Tsiku lobwera akampani, Terpstra anatsika ali ndi keke m'manja.

"Mayi, kwerani alendo akuoneni. Mkazi wamasiye amakometsa chithunzi."

"Mukufuna ndilire, bwana, kapena ndingoima?"

"Ha, pakamwa panu mpeni. Kungoima basi. Chofiira simunagwire lero, eti?"

"Lero ayi."

Linali bodza. Mmawa wonse anakhala atatsegula mbale za chofiira, akupukutira manja pa juzi lake laubweya.

Anakwera. Terpstra analankhula mpaka khofi kuzizira, ndipo dzina la Sjoerd analitchula kamodzi, ati "wothandiza wathu". Atamaliza, Wietske anamuyandikira.

"Bwana, ndiloleni ndichitsanzike chukuchi. Mwamuna wanga ankachikonda kuposa ine."

Alendo anaseka. Pamaso pa anthu Terpstra akanakana bwanji?

Wietske anatsegula kabati yofunda. Chuku chinali mbuu, chofewa ngati ubweya wa kamwana ka mphaka, fungo lake lomwe lija Sjoerd ankabwera nalo kunyumba m'malaya. Chamoyo chimene bamboyo anasiya chinali chokhachi, ana analibe. Koma pachivundikiro panalembedwa dzina la wakubayo.

Anavundukula kambale koyamba, nawerama, mkono wa juzi uli pamwamba pake. Kachiwiri chimodzimodzi. Sanasiyeko ngakhale kamodzi.

"Mayi, zakwana, mutilowetsera mphepo," anatero Terpstra, akumwetulira alendo.

"Ndatha, bwana. Lolemba mudzachione, chidzakhala chitakongola."

Anatseka kabati, natenga keke yake, n'kukaima pakati pa chithunzi.